Inveta Inkalira, Ine Ndinaitseka Pakamwa

Pali anthu amene mpaka lero amandiimitsa panjira kundifunsa kuti bizinesi ya mafirizesi inathera pati. Ena safunsa n'komwe, akangondiona amagwira pamutu n'kuyamba kuseka. Nkhaniyi yayenda kwambiri kwa Nchema kuno, ndipo aliyense amene waifotokoza waithira mchere wakewake. Ndamva kuti kwina akuti ndinatentha nyumba ya apongozi, kwina akuti ndinkafuna kukhwima. Nyumba sinapse, ndipo za kukhwimazo ine sindizidziwa. Chimene ndinachita n'chakuti ndinagula makina odziwa ntchito yawo, ine n'kuyamba kuwaphunzitsa.

Ndine mkamwini. Amene mumadziwa Chiradzulu mukudziwa mmene zimakhalira: njerwa uumba ndiwe, nyumba umanga ndiwe, koma dothi ndi la mbumba ya akazi ako. Minda nayonso ndi timagawo, poti m'boma lino tinachulukana, ndiye sungatchuke ndi ngolo za chimanga. Mkamwini amafunika kanthu kena koti anthu akamamutchula asamangoti "amuna ake a uje". Anzanga ena anapeza njinga yamoto ya kabaza, ena okala. Ine ndinasankha magetsi, chifukwa pamudzi pathu mawaya sanafike, ndipo munthu ukafuna kutchaja foni kapena kumeta umayenda mtunda.

Maganizowa anandibwerera ku Limbe. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumazima maola ambirimbiri, ndipo anthu a m'tauni anathamangira masola, mabatire ndi mainveta. Masitolo anadzaza nazo. Ndikapita kukagulitsa tomato ndinkaima pakhomo pa sitolo ina n'kumayang'ana inveta yoyera yopachikidwa pakhoma, ya mawati 1000, yokhala ndi kagalasi koonetsa manambala ndi mabatani anayi pansi pake. Ndinkaiwerengera m'mutu: masana kumeta ndi kutchaja mafoni, nthawi yotentha mafirizesi kusukulu, Loweruka mpira wa Bullets ndi Wanderers pa kanema. Ndinkadziona amfumu akundipatsa mpando.

Ndalama zinachokera kutatu: nandolo wa chaka chimenecho, mbuzi zimene ndinagulitsa, ndi ngongole imene mayi a kunyumba anatenga ku banki mkhonde m'dzina lawo. Koma ndinazengereza, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Nditafika m'sitolo muja mitengo inali ina. Inveta, masola awiri ndi batire losatsegula la jelo zinamaliza pafupifupi zonse za m'thumba. Wogulitsayo, ndisamunamizire, ananena zonse zoyenera kunena. Anatulutsa mawaya awiri onenepa, afupiafupi, ndi fyuzi yaikulu, nati, "Bwana, izinso mutenge. Batire likhale pafupi ndi inveta. Ndipo mabataniwa musawakhudze, mkatimu muli kakompyuta, zonse tatchera kale."

Nditafunsa mtengo wa mawayawo ndinaseka. Waya ndi waya, ndinatero mumtima. Panja, pafupi ndi pokwerera minibasi, mnyamata wina anandigulitsa mkombero wonse wa waya wopyapyala, uja amakokera mababu m'nyumba, pa ndalama yosakwana theka. Fyuzi ndinaisiya. Ndinakwera minibasi ndikudzitama kuti wa ku Limbe wandilephera.

Kunyumba ndinachita nzeru zina ziwiri. Inveta ndinaipachika pabalaza, moyang'anizana ndi khomo, kuti aliyense wolowa aziyamba waona manambala obiriwira aja. Batire ndinalibisa kuchipinda, pansi pa bedi, chifukwa mabatire amabedwa. Pakati pa ziwirizi ndinayendetsa waya wanga uja, kukwera khoma, kudutsa pamwamba pafupi ndi mitanda ya denga, n'kutsikira kuseri kwa neti yathu ya udzudzu.

Poyamba zinthu zinayenda. Mababu anayaka, mafoni a mudzi wonse anadzaza pamphasa, makina ometera analira bwino. Apongozi aakazi, amene mwamwambo sitiyang'anana m'maso, anatumiza mdzukulu wawo ndi mbale ya chinangwa chophika. Ndinadziwa kuti ndafika.

Mavuto anabwera ndi filiji. Ndinaigula yakale kwa munthu amene ankasamuka, ija yotsegulira pamwamba. Masana dzuwa likaswa mtengo inkadzuka bwinobwino. Koma kukangoda, injini yake ikati iyambe, mababu ankaphethira, inveta n'kuzima, n'kuyamba kulira kuti tii, tii, tii, pagalasi pali nambala 04. Ndinkadzuka, kuizimitsa, kuiyatsanso. Pakapita kanthawi yayambiranso. Batire linali latsopano, ndiye ndinkadabwa kuti chikudandaula chiyani chinthuchi. M'mawa wina ndinamva apongozi ali kuseri kwa nkhokwe akuuza mwana wanga mokweza, kuti mawu afike pamene ndinakhala: "Kauze bambo ako kuti chinthu chawo chija chikutisowetsa tulo."

Kabuku kake kanalipo, ka Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono. Ndinawerenga tsamba limodzi lokha, limene linkanena kuti ukadina batani lomaliza kwa masekondi angapo umalowa m'kati mwa zotchera. Ena onse atagona, ndinayatsa tochi ya foni n'kudina.

Abale, munali zinthu mmenemo. Manambala otsatizana, lililonse ndi nkhani yake. Ndinayamba ndi chimene chinandibweretsa: ndinapeza pozimitsira kulira, ndinazimitsa. Mtima unakhala pansi, ndipo ndikanalekera pomwepo mwina bwenzi ndikungonena za batire lokha. Koma munthu ukatsegula khomo limodzi umafuna kusuzumira chipinda chinanso. Ndinapeza pamene panalembedwa mtundu wa batire, ndipo nditasankha kuti mwini wake azitchera yekha, manambala ena amene anali okhoma anatseguka. Panali 10.5, malire oti batire likatsika kufika pamenepo inveta izime. Ndinati ameneyu ndiye mdani wanga, n'kumutsitsa mpaka pamene batani linakana. Panali 14 ndi kadontho kake, malire a kutchaja. Ndinaganiza kuti batire likamakhuta kwambiri masana lidzapirira usiku, choncho ndinakweza kupitirira 15. Panali poti inveta ikazima chifukwa cholemedwa izidziyatsanso yokha, ndinavomera, kuti ndisamadzukenso. Pomaliza ndinapeza 50, ndipo nditadina inasanduka 60. Sindinadziwe kuti ndi 60 wa chiyani, koma sukulu yonse imene ndinaphunzira inandiuza kuti 60 amaposa 50.

Usiku umenewo tinagona tulo tofa nato. M'mawa mayi a kunyumba anandifunsa kuti ndachita chiyani, ine n'kuyankha kuti, "Ndaikonza." Anandiyang'ana nthawi yaitali koma sananene kanthu.

Zizindikiro zinalipo, kungoti ndinali ndi yankho pa chilichonse. Mafirizesi ankauma masana n'kusungunuka usiku, ine ndinkati ndi shuga wachuluka. Makina ometera anasintha kaliridwe, mawu ake anakwera, ndipo m'malo modula anayamba kuzula. Ndinawathira mafuta, ndinapotoza kasikuluu ka m'mbali, osasintha. Ana ankalira pampando, koma ana amalira kale akamametedwa. Akuluakulu anayamba kuchepa, ine ndinkati ndi nsanje. Kuchipinda kunayamba kumveka kafungo ka mazira owola, makamaka masana, ndipo ndinakalipira ana kuti amalola nkhuku kuikira pansi pa bedi.

Tsono mu Okutobala, kutentha kuli pachimake, kunabwera chinkhoswe cha mwana wa amalume a akazi anga. Amalume amenewa ndiwo mwini mbumba. Nkhani ya munda, ya maliro, ya ukwati, imathera pa iwo. Pamsonkhano wokonzekera, anthu akugawana ntchito, palibe amene anandifunsa kanthu. Ndinaimirira ndekha. "Za magetsi zonse mundisiyire ine," ndinatero. Nyama ndisunga m'filiji, zakumwa ndiziziritsa, zoimbira ndiyatsa, ndipo amalume ndiwameta ulele m'mawa wa tsikulo kuti akaoneke bwino pamaso pa akuchimuna. Amayi analuluta. Amalume anagwedeza mutu nati, "Akamwini, mwayankhula ngati munthu wamkulu."

Lachisanu madzulo anabweretsa nyama ya mbuzi yongosenda kumene, ikadali yofunda, ndi nkhuku zososola kale, ndi makireti a zakumwa. Tinapanikiza zonse m'filiji mpaka chitseko chinafuna mwala pamwamba. Apongozi nawonso anatumiza chovala chawo chatsopano cha chitenje, chosokedwa ku Limbe, kuti chigone kwathu pa hang'ala poopa utsi wa kukhitchini kwawo. Mayi a kunyumba anachipachika pamsomali wa kuchipinda, pansi penipeni pa waya wanga.

Zimene zinachitika usiku umenewo ndinazidziwa pambuyo pake, chifukwa ine ndinali mtulo ndipo wondidzutsa ndinali nditamutseka pakamwa. Filiji inkati iyambe, inveta n'kuzima, n'kudikira pang'ono, n'kudziyatsanso monga ndinailamulira, filiji n'kuyesanso. Usiku wonse. Pakati pa usiku mayi a kunyumba anandigwedeza. "Abambo, mukumva fungoli?" Ndinati ndi nkhuku zija, tiona mawa.

Amalume anafika kusanache bwino, dzuwa lisanagunde masola, atavala kale malaya oyera. Ndinawakhazika pampando pakhonde, ndinawakulunga nsalu m'khosi, n'kuyamba kumbali ya kumanja. Makinawo anazula. Amalume anatsinzina koma sanadandaule, ndi munthu wa ulemu wake. Ndinakwera nawo mpaka pakati pa mutu, ndinatsegula msewu woonekera bwino kuchokera pamphumi kufika kunkhongo, ndipo pomwepo makina anangoti zii. Ndinati, "Pepani amalume, ibwera yokha." Inabweradi. Ndinameta pang'ono, yazimanso. Itabweranso kachiwiri, m'nyumba munamveka kukuwa.

Ndinathamanga makina ali m'manja. Kuchipinda kunali utsi wakuda wonunkha pulasitiki. Chikopa cha waya chinali chitasungunuka, mawaya awiri aja atakhudzana, ndipo popeza fyuzi ndinaisiya ku Limbe panalibe choletsa batire kukhuthula mphamvu yake yonse mmenemo. Waya anafiira, neti inayamba kudontha moto, chovala cha apongozi chikufuka paphewa. Ine ndinaima pakhomo n'kumafuula kuti madzi, madzi. Mayi a kunyumba ndiwo anatola chikwanje cha chigwiriro cha mtengo n'kudula waya mmodzi pafupi ndi bedi, kamodzi kokha, moto n'kuthetheka, kenako anakokera neti ndi chovala panja n'kuzipondaponda. Titasuzumira pansi pa bedi, batire linali litatupa m'mbali, lotentha losagwirika.

Nditatuluka, khonde linali litadzaza anthu, ndipo amalume anali chikhalire pampando paja, nsalu ili m'khosi, mbali imodzi ya mutu yoyera, ina yakuda. Ndinati ndikatenge lumo ndimalizitse. Anakweza dzanja. "Akamwini, musandikhudzenso."

Za nyama sindinena zambiri. Amayi atachotsa mwala n'kutsegula, anabwerera m'mbuyo onse nthawi imodzi. Mbuzi imene inadyedwa pachinkhoswe chimenecho inali yanga yomaliza, ija ndinasiya kuti ikhale mbewu. Zoimbira zinalira ndi jenereta yobwereka, mafuta ake ndinalipira ine. Apongozi anavala chovala cha chaka chatha. Amalume analandira akuchimuna, anayankhula, analangiza ana, anavina pang'ono, zonsezi chipewa chili kumutu, ndipo pa nthawi ya pemphero anthu ambiri sanatsinzine.

Lamulungu masana kunabwera mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, amene akuphunzira za magetsi ku MUBAS, ija ife timaitchulabe kuti Poly. Anali atabwerera chinkhoswe, ndipo m'chikwama mwake munali kamita koyezera magetsi. Mlamu ndi munthu amene mwambo umamulola kukuseka pamaso, ndipo iyeyu mwayi umenewu sautaya. Anabwereka batire la galimoto, analumikiza inveta ndi mawaya afupiafupi, ndipo kagalasi kaja kanayaka ngati palibe chachitika. Pa zinthu zonse za m'nyumbamo, chimene chinatuluka chamoyo ndi chokhacho chimene ndinkati n'chovuta.

Analowa m'zotchera zija n'kumadina, akuwerenga mokweza kuti akulu ake amve. Atafika pa 60 anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi.

"Alamu, mumafuna kusamukira ku America?"

Anandifotokozera kuti nambala imeneyo ndi ya kuchuluka kwa maulendo amene magetsi amapita n'kubwerera pa sekondi imodzi. Kuno kwathu, ku Mozambique, ku Zambia ndi ku South Africa ndi 50. Ku America ndi 60. Makina ometera amtundu wangawu alibe injini yozungulira, ali ndi koyilo imene imakoka kachitsulo kokhala pa sipuling'i, ndipo sipuling'iyo anaipangira kuti izigwedezeka mogwirizana ndi 50. Ukaipatsa 60 imanjenjemera msanga koma osafika patali, mano ake osadutsana mokwanira, ndiye tsitsi limangopanidwa n'kuzuka. Ana aja sankalira mwachizolowezi.

"Tsono 50 ameneyo mukuganiza kuti amachokera kuti?" anandifunsa. "Ku Nkula ndi ku Tedzani madzi a Shire amazungulitsa makina pa liwiro lake, 50 n'kutuluka. Umu chozungulira ndi kafani kokha."

Ndinati amachokera ku mabatani. Anapukusa mutu, anatola kamtengo, n'kuyamba kujambula pansi pabwalo, ana atamuzungulira.

Zimene ananena ndizifotokoza mmene ndinazimvera. Batire limatulutsa magetsi oyenda mbali imodzi, mavolti 12. Filiji imafuna oyenda uku ndi uku, mavolti 230, ofanana ndi a ESCOM, okwera pang'onopang'ono n'kutsika pang'onopang'ono. Inveta yamtundu wangawu imayamba yakweza 12 uja kufika pafupifupi 400, kenako imawadutsitsa pa timaswitchi tinayi topanda chogwira ndi dzanja, totchedwa MOSFET kapena IGBT. Timaswitchi timeneti timagwira bwino ntchito tikakhala kuti tatsegukiratu kapena tatsekekeratu, za pakatikati zimatitenthetsa. Ndiye kakompyuta kaja kamachita chinyengo: kamatitsegula ndi kutitseka mwina ka 20,000 pa sekondi. Ulendo umodzi wa kupita ndi kubwerera umakhala ndi tizidutswa pafupifupi 400. Koyambirira kwa theka lililonse la ulendowo kaswitchi kamatseguka kanthawi kochepetsetsa, chapakati kamakhalitsa, kumapeto n'kuchepanso. Kutsogolo kuli koyilo ndi kapasita zimene zimasalaza tizidutswato, ndipo chotuluka chimakhala chokwera ndi kutsika mosalala, filiji osadziwa kuti yapusitsidwa. Njirayi amaitcha PWM. Mainveta otchipa sachita zonsezi, amangogwetsa magetsi mbali iyi, kupuma, n'kugwetsa mbali inayo, n'chifukwa chake wailesi imachita phokoso ndipo injini zimatentha.

Ndinati ndamva, koma anati sanafike pa chenicheni. Kakompyutako sikangotsegula ndi kutseka mwachimbulimbuli. Nthawi iliyonse kamayeza mavolti amene akutuluka ndi mphamvu imene katundu akukoka, n'kuyerekeza ndi nambala imene inayenera kukhalapo pa kamphindi kameneko. Zikachepa kamatalikitsa kadutswa kotsatira, zikachuluka kamafupikitsa. Pokonzapo kamayang'ana zinthu ziwiri: kuti panopa zaphonyeka ndi zingati, komanso kuti kuphonyako kwaunjikana bwanji m'kanthawi kapitako. Munthu ukamayatsa babu lina, usanachotse n'komwe chala paswitchi, iko kawerengera kale n'kubwezeretsa 230. Kumbali ya masola nakonso kamasuntha mavolti pang'ono, n'kuona ngati mphamvu yakwera. Ikakwera kamapitiriza mbali yomweyo, ikatsika kamabwerera, tsiku lonse, mtambo ukadutsa kamayambiranso kufufuza. Imeneyo ndiye MPPT imene inalembedwa pabokosi, ine ndinkayesa ndi dzina la kampani. Anati ngakhale kumalo akuluakulu a magetsi a dzuwa, ku Salima kwa mamegawati 60 ndi ku Golomoti kwa mamegawati 20, ntchito ndi yomweyi, kungoti mainveta akumeneko amayeneranso kumvetsera 50 wa m'mawaya a dziko lonse n'kuponda naye limodzi.

Chimene chinandikhalira m'mutu kwambiri ndi cha timaswitchi tiwiri tokhala mzere umodzi, kena pamwamba kena pansi. Titati titseguke nthawi imodzi, mavolti 400 aja angadutse mwachidule n'kuphulitsa zonse. Mlamu analoza mtondo umene unali pafupi ndi khitchini. "Mwaonapo akulu anga ndi amayi akusinja mumtondo umodzi? Munsi wina sutsika winawo usanatuluke. Akangophonya kamodzi, minsi igundana, wina aswa chala." Kakompyuta kaja akuti kamasiya kampata pakati pa kutseka kaswitchi kena ndi kutsegula kanzake, kampata ka gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi kapena kucheperapo, ndipo sikaiwala ngakhale kamodzi. Ine ndinaima pamenepo, munthu amene ndimaiwala kumene ndasiya khasu, ndikukumbukira kuti chinthu chimenechi ndinachilowerera usiku ndi tochi ya foni.

"Ndiye chinkaliriranji, batire lili latsopano?" ndinafunsa, poti ndinkafunabe kuti penapake chilakwe ndi icho.

Mlamu anatola chidutswa cha waya wanga wopsa uja, anachipala ndi mpeni, n'kundionetsa. Pamwamba pofiirira, m'kati moyera. Sanali kopa n'komwe, anali aluminiyamu wopakidwa kopa. Kenako anawerengera pansi. Mawati 1000 pa mavolti 230 ndi maampu osakwana 5, waya wopyapyala amanyamula. Koma mawati omwewo kumbali ya batire, pa mavolti 12, ndi maampu opitirira 80. Ndipo injini ya filiji ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa imene imadya ikamayenda. Pa waya wautali, wopyapyala, mavolti ena ankathera m'njira n'kusanduka kutentha. Batire pansi pa bedi linkakhala lili ndi 12 ndi theka, koma inveta pabalaza inkalandira 10 kapena kucheperapo. Masana masola ankathandizira, n'chifukwa chake vuto linkabwera usiku. Nambala 04 ija inkatanthauza kuti mphamvu yochokera kubatire yachepa, ndipo sinkanama. Mankhwala ake anali kusuntha batire kuchoka kuchipinda n'kuliika pansi pa inveta, ndi mawaya aja ndinawaseka ku Limbe.

Za fungo anati si nkhuku. Batire la jelo silifuna kupyola 14 ndi pang'ono. Ndikulikakamiza kupitirira 15 tsiku ndi tsiku linkawira m'kati, kutulutsa mpweya, kuuma, ndipo usiku ndinkalikama mpaka pansi. Mpweya wina umene limatulutsa likamawira ndi hayidirojeni, umene umaphulika ukakumana ndi moto. Atanena zimenezi anasiya kuseka, anayang'ana akulu ake, n'kuyang'ana chikwanje chija chili pakhoma. Mayi a kunyumba analowa m'nyumba osayankhula.

Mlandu unakambidwa madzulo ake pakhonde la amalume, amene tsopano anali atametedwa mpala ndi mdzukulu wawo. Ndinakhala pansi, iwo pampando. Sanakweze mawu. Anati pamudzi pano akamwini abwerapo ambiri, ena aulesi, ena akumwa, koma wofuna kuwotcha mbumba ndi manambala ndi woyamba. Anandiwerengera: chovala cha apongozi, nyama, neti, ndi ngongole ya ku banki mkhonde imene ili m'dzina la mwana wawo. Anandikumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo. Apongozi, ali kuseri kwa chitseko, anauza mdzukulu wawo kuti akauze bambo ake kuti chinthu chija chikadzayambanso kulira, achisiye chilire, iwo adzagona masana.

Mlamu asanabwerere ku Blantyre anabwezeretsa manambala onse mmene analili, analemba papepala kukula kwa waya ndi fyuzi zofunika, n'kupereka pepalalo kwa akulu ake, osati kwa ine. Pa mabatani anayi aja anamatapo tepi yakuda, mayi a kunyumba n'kusainapo ndi bolopeni kuti ikamatulidwa adziwe. Inveta ikadali pakhoma, yozima, ikudikira batire limene tidzagule ngongole ikatha. Filiji tikusungiramo chimanga, ndipo anankafumbwe salowamo. Ine ndabwerera ku tomato, ndi maganyu oumba njerwa akapezeka.

Sabata yatha kunabwera bambo wina wa mudzi wa kutsidya, pa njinga, thukuta lili kamukamu. Anati mwana wake wamutumizira inveta kuchokera ku Joni, ndipo usiku ikumalira, pagalasi pakumabwera nambala. Anthu amuuza kuti kwa Nchema kuno munthu amene analowapo m'kati mwa zinthu zimenezi ndi ine. Ndinamufunsa kuti batire waliika pati, anati kuchipinda, poopa akuba. Ndinamva magazi akuthamanga. Ndinamuuza kuti andidikire, ndinalowa m'nyumba, ndipo ndinali nditavala kale nsapato imodzi pamene mayi a kunyumba anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Abambo, mukupita kuti?"

Ndinati ndikungokaona waya basi, mabatani sindikakhudza.

"Vulani nsapatoyo. Apatseni nambala ya alamu anu."